Makopaletivu a apamwamba ku New York: khomo limene ndalama zokha sizitsegula

Kuno kwathu mau akuti kopaletivu amanunkha feteleza. Tikawamva timaona m'maganizo alimi a ku Katete kapena ku Petauke atafola pa depoti, ziphaso m'manja, kuyembekezera matumba a D Compound ndi Urea mvula isanagwe. Motero ambiri a inu awerengi mudabwa kumva kuti ena mwa anthu olemera kopambana pa dziko lonse lapansi nawonso amagona m'makopaletivu, ndiponso kuti makopaletivu amenewo abwezapo pakhomo munthu amene anakhalapo pulezidenti wa America, nduna yaikuru ya dziko la Qatar ndi oimba ochuka, onsewo ali ndi ndalama zogulira m'manja.

Malo ake ndi cisumbu ca Manhattan mu mzinda wa New York, makamaka dera lochedwa Upper East Side, kum'mawa kwa paki yaikuru ya Central Park. Misewu iwiri, Fifth Avenue ndi Park Avenue, ndiyo msana wa deralo. M'mbali mwake mwandandalika zinyumba zosanja za miyala yoyera ndi njerwa, zomangidwa Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse isanabuke, ndipo cinyumba ciliconse cinagawidwa m'mafulati. Kumeneko ukalamba wa nyumba si cilema ai. Wogulitsa akangolemba kuti inamangidwa nkhondo isanayambe, ogula amachera khutu.

Tazibweretsa pa tsamba lino cifukwa ulemerero wa nyumbazi wayamba kugwedezeka. Kwa zaka zambiri lamulo lake linali lakuti ndalama zokha sizikwanira, anzako okhalamo ayenera kukubvomereza. Olemera atsopano akukana lamulo limeneli ndipo akuthawira ku nyumba zina kumene palibe wofunsa. Nkhani yonse yagona pa mafunso: ndani ali ndi ufulu wofunsa mnzake kumene anatenga cuma cake, ndipo wofunsayo, iye amayankha kwa yani.

Kale olemera a ku New York sanali kufuna kumva za fulati. Munthu waulemu anali kumanga nyumba yake-yake, ndipo kugona pansi pa denga limodzi ndi mabanja ena cinali cizindikiro ca umphawi, ca alendo ongotsika kumene m'sitima ya pamadzi. Zinthu zinatembenuka ca m'ma 1912 pamene cinyumba ca 998 Fifth Avenue cinatha kumangidwa. Wamalonda wacinyamata, Douglas Elliman, ananyengerera Elihu Root, mkuru wolemekezeka wa ndale, kuti alowemo pa lendi yotsitsidwa. Atalowa iye, anzake anatsatira. Park Avenue nayo poyamba inali njira ya sitima za malasha, yautsi ndi yaphokoso. Ngozi ya sitima ya mu 1902 itapha anthu m'ngalande ya pansi pa msewuwo, boma linaletsa sitima zautsi, kunabwera za magetsi, njanji inabvundikiridwa, ndipo siteshoni ya Grand Central inatsegulidwa mu 1913. Pamwamba pa njanji panakhala msewu wotakata wa maluwa pakati. M'zaka za m'ma 1920 nyumba za mabanja olemera zinagwetsedwa imodzi-imodzi. Mai wina wolemera, Marjorie Merriweather Post, analola kuti yake igwetsedwe pokha-pokha atam'mangira fulati ya zipinda 54 pamwamba pa cinyumba catsopanoco.

Mmisiri amene dzina lake limagulitsa nyumba kufikira lero ndi Rosario Candela, mwana wa mmisiri wa pulasitala wa ku Sicily, amene anafika ku America mu 1909 ndi kuphunzira za mapulani a nyumba pa yunivesite ya Columbia. Ndiye anajambula 834 Fifth Avenue, 1040 Fifth Avenue ndi mfumu ya zonse, 740 Park Avenue. Cinyumba ca 740 cinamangidwa mu 1929 ndi 1930 ndi James T. Lee, agogo ake a Jacqueline amene pambuyo pake anakwatiwa ndi John F. Kennedy. Jacqueline anakhalamo ali mwana, ndipo zaka 30 zothera za moyo wake anakhala ku 1040 Fifth Avenue. Misa ya maliro ake mu 1994 inacitikira m'chalichi ca St. Ignatius Loyola pa Park Avenue pomwepo, parishi ya Ajezuiti monga St. Ignatius yathu ya ku Rhodes Park. Mu 740 muli mafulati pafupi-fupi 30 cabe. John D. Rockefeller Jr. anakhalamo kuyambira ca m'ma 1937 kufikira imfa yake mu 1960, ndipo fulati yake yomweyo inagulidwa mu 2000 ndi Stephen Schwarzman pa mtengo wa madola pafupi-fupi 30 miliyoni.

Cimene ogula amalirira m'mafulati amenewa ndi makoma ocindikala osamva phokoso la mnansi, denga lalitali, malo osonkhapo moto m'zipinda, ndi masitepe okwera m'kati mwa fulati momwemo ngati nyumba yapansi. Koma luso leni-leni la Candela linali kugawa fulati patatu: mbali ya alendo, mbali ya banja, ndi mbali ya anchito. Wophika ndi wolera mwana anali ndi tizipinda tawo kuseri kwa khichini, khomo lao-lao, ngakhale cikepe cao-cao, kuti bwana asakumane nao panjira. Ife amene timadziwa makota a anchito kumbuyo kwa nyumba za kumayadi ku Kabulonga sitifunika kufotokozeredwa zambiri. Kusiyana kwake ndi kwakuti ku New York anaimika yadi yonse ciriri, kota ya wanchito nailowetsa m'khoma. Tizipindato lero ambiri anatisandutsa maofesi kapena mosungira katundu, koma khomo la kumbuyo likalipo, ndipo wobweretsa cakudya kapena wokonza mipope amalowera komweko.

Tsono ukopaletivu wake uli pati? Wogula fulati m'nyumba zotere sapatsidwa taitolo ya fulatiyo. Cinyumba conse ndi ca kampani imodzi, ndipo eni kampaniyo ndi anthu okhalamo. Munthu amagula masheya, masheyawo nam'patsa ufulu wokhala mu fulati yakuti-yakuti. Mwezi uliwonse amasonkha ndalama zolipirira alonda a pakhomo, zotenthetsera nyumba m'nyengo yacisanu, msonkho wa boma ndi nkhongole ya cinyumba conse ngati ilipo. Okhalamo amasankha komiti, ndipo palibe angagulitse masheya ake kwa munthu amene komiti yam'kana. Ngakhale wogula ndi wogulitsa agwirizane mtengo, asainirane, malonda amafera pa tebulo la komiti.

Wofuna kulowa amabvula zonse. Amapereka zikalata za msonkho za zaka zingapo, za ku banki, za nkhongole zake, ndi makalata a anthu omucitira umboni. Kenaka amaitanidwa kukaonekera pamaso pa komiti, ndipo nyumba zina zimafuna kuonanso galu wake. M'nyumba zapamwamba kweni-kweni nkhongole ya ku banki siloledwa, mtengo wonse uperekedwe pamanja, ndipo wogula aonetse kuti zam'tsalira zoculuka. Za 740 Park Avenue manyuzipepala akhala akulemba kuti komiti imayembekezera munthu wa madola 100 miliyoni osamangika m'katundu. Akalowa, malamulo sanathe. Kucititsa lendi fulati yako n'koletsedwa kapena n'kobvuta kwambiri, ndipo nyumba zambiri zimalola kugumula ndi kukonzanso m'miyezi yotentha yokha, pamene anansi apita ku nyumba zao za kunyanja.

Tisafulumire kuseka, pakuti ukali umenewu uli ndi mbiri yake. Cinyumba ca 740 cinatha kumangidwa msika wa masheya wa Wall Street utagwa kale mu October 1929. M'zaka zotsatira makopaletivu ambiri a apamwamba anagwa. Mmodzi akalephera kusonkha, mtolo wake unali kugwera otsala, otsalawo nalephera nawonso, banki n'kulanda cinyumba conse. Ambiri anasanduka nyumba za lendi, ndipo 740 yeniyeniyo inakhazikika ngati kopaletivu m'zaka za m'ma 1950. Aliyense amene anakhalapo mu cilimba amadziwa cimene cimacitika mmodzi akalandira n'kusowa. Amene mwagwirizana kusenza naye denga muli ndi cifukwa cofunsira ngati mapewa ake ndi olimba. Ndipo mu 2008, pamene mabanki a ku America anagwa cifukwa cokongoza anthu osatha kubweza, akatswiri ambiri a za nyumba anabvomereza kuti makopaletivu a ku Manhattan anapirira bwino, popeza makomiti anali okhwima kuposa mabanki.

Bvuto n'lakuti mpeni wosendera mbatata ndi womwewo wobayira munthu. Komiti ikakana, sikakamizidwa kunena cifukwa. Mu 1959 khoti lalikuru la boma la New York, pa mlandu wa 791 Park Avenue, linagamula kuti eni kopaletivu ali ndi ufulu wosankha okhala nao popanda kufotokoza. Mu 1990 khoti lomwelo linaonjeza kuti oweruza asamalowerere zigamulo za komiti ngati yacita mwa mphamvu zake ndi mokomera kampani. Mu 2003 linalola kopaletivu ya pa West 67th Street kutulutsa mwini masheya amene anzake anavota kuti khalidwe lake n'losapiririka. Zoona, lamulo la dziko la 1968 limaletsa kukana munthu nyumba cifukwa ca khungu, cipembedzo kapena kumene anacokera. Nanga wokanidwa adzatsimikiza bwanji tsankho pamene kalata yake ili ndi mau amodzi okha akuti iai? Khoswe wa pamkhate sapheka.

Mndandanda wa obwezedwa ndi wautali. Mu 1979 Richard Nixon, patapita zaka zisanu atatula pansi upulezidenti, anafuna fulati pa 19 East 72nd Street. Okhalamo anadandaula za atolankhani ndi asilikari omulondera, malonda nafa. Mu 1985 woimba Madonna anakanidwa ku San Remo, kumadzulo kwa paki. Mu 2012 manyuzipepala analemba kuti komiti ya 907 Fifth Avenue yabweza Sheikh Hamad bin Jassim, amene pa nthawiyo anali nduna yaikuru ya Qatar. Anthu otere sititaya nao tulo, ali ndi kogona kwina. Koma kwa zaka zambiri nyumba zina za pa Fifth ndi Park zinali zodziwika kuti sizilandira Ayuda ngakhale olemera cotani, ndipo za munthu wakuda sizinali kukambidwa n'komwe. Mu 1980 Gloria Vanderbilt, mwana wa banja limene njanji zake zinabala Park Avenue, anakanidwa ku River House. Iye anati cifukwa cake cinali ubwenzi wake ndi woimba wakuda Bobby Short. Komiti inatsutsa, ndipo mlanduwo anausiya. Harry Belafonte, amene anathandiza Miriam Makeba atafika ku America, anakanidwa fulati ya lendi pa West End Avenue mu 1958. Iye anangogula cinyumba conseco kudzera m'makampani, nacisandutsa kopaletivu. Ndi angati angathe kuyankha tsankho motero?

Tinene cilungamo, si aliyense wolira tsankho amene analakwiridwa. Mu 2011 Alphonse Fletcher, wamalonda wakuda amene anali kukhala kale mu Dakota, cinyumba cakale cimene John Lennon anaphedwera pakhomo pake, anasumira komiti pomukaniza kugula fulati ina. Komiti inati ikukayika za cuma cake. Caka cotsatira thumba lina la ndalama limene anali kuyendetsa linagwa, ndipo mu 2015 woweruza anathetsa mlanduwo. Cimene tikuona apa n'cakuti coona cinatuluka cifukwa khoti linakakamiza komiti kuika zifukwa zake poyera. Komiti imene ili ndi cifukwa cabwino sitaya kanthu pocinena.

Pamene makomiti anali kusankha ndi kutaya, msika unapeza njira yowalambalala. Kuyambira mu 1964 lamulo la New York linalola mtundu wina wa umwini wochedwa kondominiyamu, mwacidule kondo. Mu kondo wogula amalandira taitolo ya fulati yake. Angaicititse lendi, angaisiye yopanda munthu caka conse, angaigule m'dzina la kampani imene mwini wake sadziwika. Komiti iliko, koma siingakane wogula pokha-pokha itagula fulatiyo yokha pa mtengo womwewo, cinthu cosacitika-citika. Pafupi-fupi nyumba zonse zapamwamba zomangidwa m'zaka za posacedwa ndi makondo. Mu 2008 kunatha kumangidwa 15 Central Park West, imene mmisiri Robert A. M. Stern anaibveka miyala yoyera kuti ioneke ngati ya Candela. Inagulidwa ngati zitumbuwa, ndipo mu 2012 fulati ya pamwamba pake inapita kwa mwana wamkazi wa Dmitry Rybolovlev, wolemera wa ku Russia, pa madola 88 miliyoni. Apa zinaonekeratu kuti ogula amafuna nkhope ya nyumba zakale koma safuna apongozi ake. Kenaka kunamera nsanja zowonda zazitali kum'mwera kwa paki, One57 mu 2014 ndi 432 Park Avenue, ya mamita oposa 420, mu 2015.

Mitengo ikusimba yokha. Mu January 2019 Ken Griffin analipira madola 238 miliyoni pa kondo ya ku 220 Central Park South. Pamene Julia Koch anagula mafulati a malemu Paul Allen pa 4 East 66th Street mu 2022, mtengo wake wa madola 101 miliyoni ndiwo unali wapamwamba kopambana wa kopaletivu kufikira nthawi imeneyo, koma sunafike ndi theka lomwe la wa Griffin. Steven Mnuchin, amene anali nduna ya za cuma ya America, anaika fulati yake ya ku 740 Park Avenue pa msika mu 2018 pa madola 32.5 miliyoni, ndipo inagulidwa mu 2021 pa 22.5 miliyoni. Komiti ikacepetsa ololedwa kugula, imacepetsanso mtengo wa katundu wa mamembala ake omwe. River House, imene kale inali kuletsa ngakhale kuchula dzina lake m'zolengeza malonda, inafewa, ndipo mu 2013 inalandira Uma Thurman wa m'mafilimu, mtundu wa munthu amene kale inali kum'thawa.

Wina angati zakhala bwino, odzikuza atsitsidwa. Ife sitiomba m'manja msanga. Tiyeni tione amene analowa pa khomo lopanda mlonda. Mu 2015 nyuzipepala ya New York Times inafufuza eni makondo a mu Time Warner Center ndipo inapeza kuti ambiri anabisala kumbuyo kwa makampani a pa pepala, ena mwa iwo ali anthu ofufuzidwa ndi maboma a kwao. Mu 2016 boma la America linayamba kulamula kuti mwini weni-weni adziwike pamene kampani igula nyumba ya ku Manhattan yoposa madola 3 miliyoni popanda nkhongole. Ndipo mu 2017 boma lomwelo linapita ku khoti kufuna kulanda katundu wa madola 144 miliyoni amene linati anacokera ku ziphuphu za m'makontrakiti a mafuta a ku Nigeria. Pa katunduyo panali fulati ya madola pafupi-fupi 50 miliyoni mu One57, yogwirizana ndi wamalonda Kola Aluko. Ngati zimene boma la America linanena ndi zoona, ndiye kuti mankhwala ndi madesiki a ana a ku Africa anasanduka mazenera oyang'ana pa Central Park. Fulati yotere ikanakhala mu kopaletivu, wogula akanayenera kufika yekha, ndi dzina lake, ndi zikalata za msonkho wake, pamaso pa anthu amene adzakwera naye cikepe.

Ife a Zambia funso limeneli si lacilendo. Tikukumbukira 2019 pamene mtundu unauzidwa ndi bungwe lolimbana ndi ziphuphu kuti nyumba 48 za ku Chalala mu Lusaka mwini wake sanapezeke. Anthu anaseka m'maminibasi, koma kunali kuseka kwa munthu wopsa mtima. Nyumba siimera ngati bowa. Wina anagula simenti, wina analipira omanga. Kumene kulibe mnansi kapena ofesi yofunsa kuti kodi ndinu yani ndipo ndalama mwazitenga kuti, njerwa zimasanduka mobisira cuma. Ndiye cifukwa cake tikuti mwambo wofunsa wa makopaletivu a ku New York ndi wabwino ndipo dziko likuusowa. Coipa cao ndi cakuti amafunsa zonse koma iwo sayankha kanthu.

Pali mbali inanso imene apamwamba a m'makopaletivu ndi a m'makondo amadyera mbale imodzi, ndiyo ya msonkho. Lamulo la boma la New York la 1981 limati nyumba zotere ziyesedwe mtengo ngati kuti ndi za lendi, osati pa mtengo umene zimagulitsidwa. Popeza palibe nyumba ya lendi yofanana ndi 740 Park Avenue, oyesa amazifanizira ndi nyumba zakale za lendi yotsika. Kafukufuku wa Furman Center ya pa New York University anapeza mafulati 50 amene mu 2012 anagulitsidwa, iliyonse payokha, pa mtengo woposa umene mzinda unayesa cinyumba conse cimene fulatiyo ilimo. Kondo ya Griffin ya madola 238 miliyoni inalembedwa m'mabuku a msonkho pa 9.4 miliyoni. Mtolo wotsala umagwera eni tinyumba ta m'madera a anthu wamba ndi okhala pa lendi, amene msonkho umawapeza kudzera mu lendi yao. Mu March 2024 khoti lalikuru la New York linalola kuti mlandu wotsutsa kayesedwe kameneka upitirire.

Zonsezi zikucitika mu mzinda umene mu 2023 mafulati a lendi opanda munthu anali 1.4 pa 100 alionse. Sitima yocoka ku Grand Central imayenda mobisika pansi pa maluwa a Park Avenue, n'kutulukira poyera pa 97th Street, pamene Harlem ayambira. Msewu wa dzina lomwelo umapitirira kutsidya kwa mtsinje kulowa ku South Bronx, limodzi mwa madera osauka kopambana mu America. Mkwiyo wa anthu a lendi ndiwo unathandiza kukweza Zohran Mamdani, wobadwira ku Kampala mu 1991, amene anapambana masankho a umeya mu November 2025 atalonjeza kuimitsa kukwera kwa lendi m'mafulati pafupi-fupi miliyoni imodzi amene lendi yake imayang'aniridwa ndi mzinda. Nyumba ya boma ya meya, Gracie Mansion, ili ku Upper East Side komweko, kufupi ndi anthu amene ambiri a iwo sanam'votere. Nyumba zakalezi zilinso ndi bvuto la ukalamba. Lamulo la mzinda la 2019 linaika malire a utsi woononga nyengo umene cinyumba cacikuru cingatulutse, kuyambira mu 2024 ndi kukhwimitsa mu 2030, ndipo faindi yake ndi madola 268 pa tani iliyonse yopitirira. A pa Park Avenue adzalipira osamva kuwawa. Amene adzalira ndi makopaletivu a anthu wamba.

Pakuti aliko, ndipo ndiwo oculuka. Mwambo wa kopaletivu unayambira ku Rochdale ku England mu 1844 ndi anthu osauka 28, ambiri a iwo oomba nsalu, ndipo mfundo zao zinali khomo lotseguka kwa onse ndi voti imodzi kwa membala aliyense. Mzimu umenewo ndiwo a Kaunda anaitanira mtundu mu 1965. Ku New York anchito ocokera ku Finland anamanga kopaletivu yao ya nyumba ku Brooklyn mu 1916, bungwe la osoka zobvala linatsegula Amalgamated Houses ku Bronx mu 1927, ndipo Co-op City, ku Bronx komweko, ili ndi mafulati oposa 15,000 amene mtengo wake wogulitsira unamangidwa kuti anthu a malipiro apakati akwanitse. Pa Fifth Avenue anatenga cigoba ca Rochdale n'kutaya mtedza wake: khomo n'lotseka, ndipo mavoti amawerengedwa ndi masheya, wa fulati yaikuru ali ndi liu lalikuru.

Komabe pali cimene tingatoleko. Pamene nyumba za makhansolo zinagulitsidwa kwa okhalamo kuyambira mu 1996 m'nthawi ya a Chiluba, mabanja ambiri anapeza pao-pao, ndipo cinali cinthu cabwino. Koma m'mafulati osanja munabuka funso limene silinayankhidwe bwino: denga ndi la yani, masitepe ndi a yani, paipi ya zonyansa yodutsa m'makoma a mabanja anai ndi ya yani? Yendani m'mafulati ena a mu Lusaka ndi ku Migodi muone. Khomo la munthu lapakidwa penti, ndi cipata cacitsulo catsopano, koma pa masitepe babu linapsa kale-kale ndipo madzi akudontha kucokera kwa wapamwamba. Zinyumba za Candela zayandikira zaka 100 zili ciimire cifukwa denga lili ndi mwini wodziwika, thumba la mwezi ndi mwezi, ndi komiti imene ingalange wosasonkha. Pamene mipanda yokhala ndi nyumba zambiri m'kati ikuculuka ku Ibex Hill ndi m'mbali mwa msewu wa Leopards Hill, mabungwe a eni nyumba adzakula mphamvu kunonso. Ndi bwino kuwapatsa mano a kusonkhetsa ndi a kufunsa dzina leni-leni la wogula, koma lamulo liwamange kuti akakana munthu alembe cifukwa pa pepala.

Ku America komweko zimenezi zayesedwa. Boma la Suffolk County, kum'mawa kwa mzinda, linalamula mu 2009 kuti komiti ipereke cifukwa cokanira, ndipo Westchester County, kumpoto, inatsatira mu 2021. Makopaletivu a kumeneko akali kugula ndi kugulitsa. Koma mu mzinda wa New York mweni-mweni malamulo otere anabweretsedwa kwa makhansala mobwereza-bwereza kwa zaka pafupi-fupi 20 n'kumagwa. Oimira makomiti amati mamembala ndi anthu ongodzipereka, osalipidwa, ndipo adzathawa udindo akayamba kusumiridwa pa liu lililonse. Dandaulo limeneli lili ndi mutu, koma likulemera pang'ono poliyerekeza ndi la banja limene lataya miyezi ndi ndalama za maloya, laulula zinsinsi zake zonse, n'kubwezedwa osadziwa ngati colakwa ndi thumba lake kapena nkhope yake.

Wokanidwa mmodzi amene anagonjetsa komiti ya pa Fifth Avenue poyera sanali munthu. Kabawi wina, amene anthu anam'cha Pale Male, anamanga cisa pamwamba pa zenera la nsanjika ya 12 ya 927 Fifth Avenue kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, nalera ana ake pamenepo caka ndi caka. Mu December 2004 komiti inalamula kuti cisaco cicotsedwe. Anthu anasonkhana pa msewu ndi zikwangwani masiku angapo m'cisanu, pamodzi ndi Mary Tyler Moore wa pa wailesi ya kanema, amene anali kukhala m'cinyumba comweco. Komiti inakakamizika kufotokoza, inachula za zitosi, zotsala za nkhunda ndi makoswe zogwera pakhomo ndi kuonongeka kwa khoma, ndipo mwezi usanathe inalola kuti pakhomedwe citsulo cogwira cisa catsopano. Kabawiyo anabwerera. Anafa mu May 2023.